Foni ya muphwa wanga inali ndi zaka 46

Mlongo wanga wa ku Katete atatumiza mwana wake kuti adzaphunzire sekondale kuno ku Lusaka, anamunyamulitsa thumba la nshawa, ine n'kundiuza pa foni kuti, "Achimwene, mwanayo ndi wanu, mumuyang'anire." Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye panalibe chokana. Mnyamatayu ali ndi zaka 14. Poti sukulu yake ili patali ndi kwathu ku Mtendere, ndinamugulira kafoni ka Tecno kogwirapo kale ntchito mu Katondo Street, n'kumuikira simu yanga yakale.

Patapita miyezi iwiri, usiku wina magetsi atazima, foni yanga inatha moto, ndiye ndinabwereka yake kuti ndione mmene mpira wathera. Zolaula zimene ndinapeza nditatsegula Chrome sindizilemba pano. Mwini wake anali pamkeka pomwepo, akunamizira kugona. Sindinanene kanthu, koma usikuwo tulo sindinatione.

Kutacha ndinakwera basi ya ku tauni, poganiza kuti a kampani ya netiweki angotseka zolaulazo pa nambala yake n'kuthana nazo. Mtsikana wa pa kauntala analemba nambalayo pa kompyuta, n'kundiyang'ana. "Atate, simu iyi inalembetsedwa pa reji yanu. Kwa ife mwini wake ndi munthu wa zaka 46." Ndinaseka, koma ankanena zoona. ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, imafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe pa chitupa cha munthu, ndipo NRC, reji ija, munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Ndiye ana onse aja timawaona atawerama pa mafoni m'mabasi a ku Chawama ndi ku Matero, m'mabuku a makampani ndi amayi awo, agogo awo, amalume awo. Mtsikanayo anandiuza mwaulemu kuti pa kauntala pakepo palibe chimene angachite, ndikakonze pa foni penipenipo.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lolemera. Gawo 177 la Penal Code limati kupanga, kusunga kapena kufalitsa zolaula ndi mlandu woti munthu atha kukhala nawo m'ndende zaka 5. Mu 2021 kunabwera Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo mu Epulo 2025 a Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwake, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Malamulo amenewa amakhwimitsa kwambiri pa zolaula zokhudza ana. Koma onsewa amagwira munthu atalakwa kale. Webusayiti imene muphwa wanga analowa inangomufunsa ngati wakwanitsa zaka 18, iye n'kudina kuti inde, chitseko n'kutseguka.

Nditabwerera kunyumba ndinayamba ndi akaunti. Mnyamata amene anandigulitsa foni uja, pofuna kundipeputsira ntchito, anali atatsegula kale akaunti ya Google, dzina losadziwika, chaka chobadwa 1990. Ndiye kwa Google nakonso muphwa wanga anali bambo wa ndevu. Ndinaganiza zofufuta zonse n'kuyambira pachiyambi, ndipo apa ndi pamene ndinapalamula ndekha. Ndinachita factory reset ndisanachotse akaunti yakale ija. Foni itayakanso inakana kupitirira, ikufuna pasiwedi ya akaunti imene ine sindinaidziwe n'komwe. Mafoni a Android anawapanga choncho dala, kuti wakuba asamangofufuta n'kugulitsa. Ndinabwereranso ku Katondo Street Loweruka, dzuwa likuswa mtengo. Mwamwayi mnyamatayo ali ndi kabuku kakuda ndi thukuta momwe amalembamo mapasiwedi a mafoni onse amene wagulitsa. Anatsegula masamba akunyowetsa chala ndi malovu mpaka anaipeza, nati, "Abwana, ya drinki." Ndinapereka. Inu mukamachita zimenezi, yambani mwalowa mu Settings, pa Accounts, muchotse akaunti yakaleyo, kufufutako kubwere pambuyo.

Kenako tinatsegula akaunti yatsopano, dzina lake lenileni, tsiku lake lobadwa lenileni. Pa foni yanga ndinaikapo Family Link, pulogalamu yaulere ya Google imene imalumikiza foni ya kholo ndi ya mwana. Mafoni onse awiri amafunika akhale ndi bandulo komanso moto wokwanira. Pali chinthu china chimene sindinachiyembekezere: mwana wopitirira zaka 13 amayenera kuvomereza yekha, alembe pasiwedi yake ndi chala chake. Mwakabisira sizitheka. Ndiye nkhani imene ndinkaizemba sabata yonse inayenera kukambidwa.

Tinakhala pakhonde, akazi anga atapita ku kwaya. Ndinamuuza zimene ndinaona. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, akukanda simenti ndi chala cha kuphazi, kenako anati, "Amalume, musawauze amayi." Ndinati sindiwauza, koma foni tiikonza limodzi. Anandiuza kuti linki yoyamba anamutumizira mnzake wa m'kalasi pa gulu la WhatsApp. Sindinamumenye, ngakhale amalume anga akanakhala iwo akanathyola kale nthambi ya mpichesi. Analemba pasiwedi, n'kudina povomereza.

Zotsatira zake n'zosavuta. Mu Family Link, pa Chrome, ndinasankha poti aziyesa kutseka mawebusayiti olaula. Ndinayatsa SafeSearch kuti Google isamaonetse zithunzi zotere. Pa Play Store ndinaika kuti pulogalamu iliyonse yatsopano izidikira ine ndivomereze, ndipo ndinaletsa kuika mapulogalamu ochokera kwina. Foni imagona yokha 21:00 n'kudzuka 05:30. Chimodzi choti musaiwale: sefa ya Family Link imagwira pa Chrome basi, pomwe mafoni ambiri otchipa amabwera kale ndi browser ina, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti ngati Chrome. Yake inali ndi ziwiri, zonse ndinazitseka.

Mnzanga wa ku ntchito amene amakonza makompyuta anandionjezera loko wachiwiri. Mu Settings mufufuze mawu akuti Private DNS, amene amapezeka pa Android 9 kupita m'tsogolo, n'kulembamo family.cloudflare-dns.com. Anandifotokozera motere: foni ikafuna kupita ku webusayiti imayamba yafunsa njira, ngati mlendo pa siteshoni ya Intercity, ndiye iweyo ukungoisankhira woifunsa amene sailozera ku shabini. Zimagwira pa bandulo ngakhale pa Wi-Fi. Kuipa kwake, mwana wochenjera atha kulowa pomwepo n'kufufuta, ndiye ndimayang'anapo nthawi ndi nthawi.

Mnzanga yemweyo ndi amene anati boma lingochita ngati ku Britain. Kumeneko, pansi pa Online Safety Act ya 2023, kuyambira pa 25 Julaye 2025 mawebusayiti a zolaula ayenera kutsimikiza zaka za munthu asanamulowetse, kaya pomujambula nkhope, kaya poona chitupa kapena khadi la ku banki. Bungwe la Ofcom, loyang'anira lamuloli, litha kulipiritsa kampani yonyozera mpaka mapaundi 18 miliyoni, kapena 10 peresenti ya ndalama zonse zimene imapeza padziko lonse. Ku Australia anapitirira apo, kuyambira pa 10 Disembala 2025 ana osakwana zaka 16 saloledwa kukhala ndi akaunti pa TikTok, Instagram ndi Facebook. Ndikamva zimenezi mtima wa umalume umavomera. Koma ndikaganiza bwino ndimabwerera pa kauntala paja. Mwana amene akugwiritsa simu ya agogo ake, reji ya agogowo ili m'chikwama pansi pa matiresi, angavutike chiyani kuijambula? Nanga munthu wamkulu atumize nkhope ndi NRC yake ku webusayiti yakunja, m'dziko limene kusunga zinthu zomwezo ndi mlandu wa zaka 5? Ku Britain komweko, lamulo litangoyamba, mapulogalamu a VPN, obisa dziko limene munthu ali kuti alambalale zotsekedwa, ndi amene anthu anathamangira kutsitsa.

VPN ife a ku Lusaka sitichita kuuzidwa. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinangoti zii masana. Bungwe la Chapter One Foundation linapita ku High Court, khoti n'kulamula kuti intaneti itsegulidwe. Podzafika nthawiyo, ngakhale azimayi ogulitsa tomato pa Soweto anali ataphunzira kuyatsa VPN. Ine ndinaphunzira tsiku lomwelo, wondiphunzitsa anali mwana wa aneba wa giredi 7. N'chifukwa chake ndikamva kuti pakhale makina aakulu osefa intaneti ya dziko lonse, ndimayamba ndafunsa kuti kiyi wake asunga ndani, ndipo chaka cha chisankho adzatsekera chiyani. Wa pa foni ya muphwa wangayu ndikusunga ndine, ndipo akadzakula ndidzamupatsa.

Maloko onsewa ali ndi malire. WhatsApp saisefa, zimene anzake atumiza zimafika ndithu. Vidiyo imadutsanso pa Bluetooth kapena pa memori khadi popanda intaneti n'komwe, kuseri kwa kalasi nthawi ya buleki. Gulu la WhatsApp lija anatulukamo ine ndikuona, ndipo ndinamusungira nambala ya 116, ya Childline, yaulere, kuti ngati munthu wamkulu atayamba kumutumizira zinthu kapena kumupempha zithunzi, ine n'kumandiopa, akhale ndi kwina kokanena.

Lachitatu lapitali ndili ku ntchito foni yanga inalira. Unali uthenga wa Family Link: muphwa wanga akupempha kuika pulogalamu ina ya VPN yaulere. Ndinakana. Madzulo ndinamupeza akutsuka mbale, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi anayamba yekha.

"Amalume, inali ya gemu ya mpira. Anzanga akuti imathamanga bwino ukaika."

"Bweretsa gemuyo tiione tonse tikadya."

Anaibweretsa. Inalidi ya mpira, ndipo anandichinya 4 kwa 0.