Loweruka la bodi, kwatsala masabata 6 kuti chikondwerero cha mafilimu chiyambe

Msonkhano unayenera kuyamba 9 koloko koma unayamba 10 itadutsa. Malamulo a bodi amati pakhale mamembala osachepera 5 mwa 9 kuti chigamulo chigwire ntchito, ndipo wachisanu anali a Gulupu, amene anayamba akapepesa maliro kumudzi wina. Mwa 9 amenewa, 4 ndi opanga mafilimu. Otsalawo ndi a Gulupuwo, abusa, loya, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndi mayi wabizinesi amene ndiye msungichuma.

Nkhani yoyamba inadya ola lathunthu. Membala mmodzi anagwira kamera pa filimu imene yalowa mumpikisano, ndipo Mayi Wapampando anamupempha kuti ayambe watuluka. Ena anaona ngati ndi nkhanza, poti iye si dayirekita ndipo analipidwa kalekale. Koma loya anawerenga ndimeyo: aliyense amene dzina lake likuoneka kumapeto kwa filimu asakhalepo pokambirana za oweruza, za mphoto, kapena za ndondomeko ya mpikisano. Mlembi analemba nthawi imene watuluka ndi imene wabwerera. Kuno opanga mafilimu ndi ochepa, wojambula filimu iyi ndi yemwe analumikiza zithunzi za filimu inayo, ndiye mukalekerera kamodzi, chaka chamawa anthu satumizanso ntchito zawo. Bodi sisankha mafilimu. Pali komiti yosankha, palinso oweruza. Ngakhale ku FESPACO, chikondwerero cha mafilimu cha ku Ouagadougou, ku Burkina Faso, chimene chinayamba mu 1969, mphoto ya Étalon de Yennenga amagamula ndi oweruza. Chimodzimodzi mphoto ya Golden Dhow pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Zanzibar.

Za zikalata zinayenda msanga. Filimu iliyonse iyenera kudutsa ku Censorship Board, monga limanenera lamulo la 1968, kuti aione ndi kunena msinkhu wa oyenera kuonera. Pakufunikanso kalata ya mwini filimu yolola kuti ionetsedwe, layisensi ya nyimbo zoulutsa pabwalo yochokera ku COSOMA (bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso), kalata ya kukhonsolo ndi ina yodziwitsa apolisi. Eni mafilimu 7 sanasainebe.

Masana ndi pamene opanga mafilimu aja anaonetsa chimene anakhalira mu bodi. Anayesa mafayilo pa purojekita yeniyeni imene idzagwiritsidwe ntchito, osati pa laputopu yokha. Filimu ina inakana kulowa mu fulashi, chifukwa fulashiyo inali yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32, umene sulandira fayilo yopitirira 4GB. Anaifomata kukhala exFAT, mtundu umene umalandira mafayilo akuluakulu, basi. Ina inali yovutirapo: nyimbo ndi kulira kwa galimoto zikumveka bwino, koma anthu akamayankhula, zii. Mawu ake anawakonza mwa 5.1, kutanthauza ogawidwa m'matchanelo 6 a masipika, ndipo zoyankhula zimakhala pa tchanelo chapakati, chimene chimasowa mukalumikiza masipika awiri okha molakwika. Agwirizana kulembera eni mafilimu onse kuti atumize fayilo ya kanema ya mtundu wa MP4 (H.264, 1080p), mawu a stereo (a masipika awiri), ndipo mawu olembedwa m'munsi akhale omatiratu pachithunzi. Mawu olembedwawo akabwera m'fayilo yapadera, ya SRT, fayiloyo imatayika, kapena imathamanga kusiya oyankhula m'mbuyo.

Purojekita yobwerekayo ndi ya malumeni 3,000 (muyeso wa kuwala kwake). M'holo ikwanira, koma pabwalo, pa sikirini ya mamita 5, chithunzi chimatuwa. Pakufunika ya 5,000, ndipo ndalama yake palibe pa bajeti. Jenereta idzaikidwa mamita 30 kuchokera pa anthu chifukwa cha phokoso, ndi UPS (batire losunga magetsi kwakanthawi akazima) pakati pa jeneretayo ndi purojekita. Magetsi akazima mwadzidzidzi fani ya purojekita imaima babu lidakali lotentha, ndipo babu limatha msanga.

Atafika pa ndondomeko ya masiku, opanga mafilimu anangokhala chete n'kumalemba. A Gulupu anati Lachisanu limene linasankhidwa ndi tsiku lotuluka anamwali, ng'oma zidzakhala zikulira ndipo palibe adzabwere. Abusa anachotsa Lamulungu m'mawa. A hedi opumawo anati amayi ndi ana amanyamuka ikamakwana 8 koloko, choncho mafilimu a ana ayambe kukangoda, achikulire pambuyo. Anakumbutsanso za mwera: sikirini imangidwe zingwe zinayi ndi zikhomo, osangoitsamiritsa pa mapolo a goli ngati mmene amachitira ena.

Msungichuma anakana kusaina ndalama ya mafuta chifukwa malisiti a ulendo wapitawu sanabwere. Kubanki amasaina anthu awiri mwa atatu, ndipo mayiwa satengera kuti wopemphayo ndi wotchuka. Panali kung'ung'udza pang'ono, koma malisiti awiri anatuluka m'chikwama cha kamera, opindikapindika, limodzi lili ndi mafuta a chipisi.

Anabalalika 4 koloko. Loya atsata makalata 7 aja pofika Lachitatu, a Gulupu akauza mafumu anzawo za tsiku latsopano, ndipo nkhani ya purojekita yatsala m'manja mwa Mayi Wapampando, amene akuti akagogoda kusukulu ina ya ukachenjede Lolemba.