Tinakhala masiku atatu m'boti losayenda ku Knysna

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, nyanja ndaidziwa ndili kamwana, Ilala ndakwerapo kangapo mpaka ku Likoma, ndiye abwana a madamu atanena kuti boti lawo ku Knysna, tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere ku South Africa, likungokhala mutha kukagonamo wikendi yonse, ndinati zamadzi palibe chondidabwitsa. Anatiuziratu kuti injini musaikhudze ndipo zingwe musamasule. Mumtima ndimati holide yanji yogona m'boti lomangirira ngati mbuzi, koma zaulere sitikana.

Tinachoka ku Cape Town Lachisanu kusanache pa galimoto yobwereka kwa alamu, msewu wa N2, makilomita pafupifupi 500, Swellendam, Mossel Bay, George, kenako Sedgefield basi mwafika. Pa marina maboti andanda ngati maminibasi pa depoti, lililonse pamalo pake, nthambo yamagetsi ndi paipi yamadzi zochokera pa jeti. Lathulo kunja looneka bwino ndithu koma mkati aise, kachipinda ngati hokala. Bedi lili kutsogolo kosongoka kuja, mitu kutalikirana mapazi kukumana. Chimbudzi chopopa ndi dzanja, tinatha mphindi zingapo tikuwerenga kapepala kapakhoma tisanamvetse kuti chogwiriracho chimapita mbali iti. Chitseko chake ndinagundapo mutu kanayi tsiku loyamba lokha.

Chomwe chinandichititsa manyazi ndi ichi. Pofika masana kamlatho kochokera kumtunda kupita pa jeti kanali kogona bwinobwino, tinayendapo ndi zikwama osamva kanthu. Usiku ndikuti ndikatenge ufa m'galimoto ndangoona kamlatho kaja kasanduka chitunda, khoma lomwe linali m'madzi lili poyera lodzadza ndere ndi tizigoba, fungo lamatope lili guu. Ndinabwerera chothamanga. "Mayi dzukani, tikumira!" Iwo anangosuzumira pansi nkuti "bambo, madzi ake ali kuti poti pansi pauma chonchi?" Mdala wina wa boti loyandikana nalo anaseka mpaka kutsokomola, ndiye anandifotokozera kuti jetiyo ndi yoyandama, imatsika limodzi ndi maboti madzi akamabwerera kunyanja yaikulu. Maola 6 kulowa, maola 6 kutuluka, kawiri pa tsiku, mwezi ndi umene umawakoka. Kwathu nyanja imadzadza mvula ikatha nkudzatsika mchilimwe, kamodzi pachaka, ndipo palibe amene amaiona ikutsika. Kuno ndinaika diso pa mzati umodzi mmawa mwake ndikumwa tiyi, madzi akukwera ndikuona, kupitirira mita yathunthu pofika masana. Mwana wa kunyanja ine.

Madzi onsewo amalowera pampata umodzi wopapatiza pakati pa matanthwe awiri aatali, amati The Heads. Loweruka tinakwera galimoto mpaka pamwamba pa thanthwe lakummawa kukasuzumira pansi. Mwera ndimaudziwa, ndaonapo asodzi akubwerera opanda chilimila, koma mafunde a pamenepaja akamakumana ndi madzi otuluka amachita kuwira ngati mphika. Sitima ina yotchedwa Paquita inamira pomwepo mu 1903. Apa ndinamvetsa chifukwa chomwe abwana anati zingwe musamasule, ndipo sindinadandaulenso.

Ma oyster, nkhono zam'nyanja zotchuka kumeneko, ndinalawa imodzi ku Thesen Island, kachilumba ka pa Knysna pomwepo, yaiwisi, kungofinyirapo ndimu nkumeza. Kukoma kwake ngati wamwa madzi amchere mwangozi. Madamu anandiyang'ana nkuti "mwayamba liti kudya nkhono zosaphika?" Tinabwerera m'boti kukaphika nsima pa kachitofu kagasi kolendewera, kamagwedezeka limodzi ndi boti kuti poto asagwe, kuvundula pamenepo mpaka wina agwirire poto ndi nsalu. Ndiwo usipa wouma womwe anatitumizira pa basi kuchokera kumudzi. Tinadyera panja dzuwa likulowa, mbalame zoyera zam'nyanja zitatizungulira zikudikira tigwetse kanthu, mdala uja anabwera kudzafunsa kuti chikununkhira ndi chiyani, anadya mitanda iwiri ndi foloko.

Usiku woyamba sindinagone, zingwe zimangomenya milongoti ngwe ngwe marina yonse, boti likukoka chingwe nkubwerera, kukoka nkubwerera. Wachiwiri phokoso lomwelo ndi lomwe linandigoneka. Madamu amene amadzuka 4 koloko tsiku lililonse kuthamangira teksi yakuntchito, Lamulungu anadzuka 9 itadutsa, ine nditawiritsa kale madzi kawiri nkuzizira.

Lolemba ndili kuntchito ndikutsuka mbale, pansi pamangoyendabe pansi pa mapazi anga, mpaka mnzanga wa ku Zimbabwe kundifunsa ngati ndabwera nditalawa.