Medicaid yayamba kulipira lendi

Anzanga, nkhani iyi ya ku America yandipatsa maganizo. Medicaid, inshulansi ya boma yothandiza anthu osauka yomwe inayamba mu 1965, tsopano m'madera ena ikulowereranso pa nkhani ya nyumba. Mu 2022 boma lalikulu linalola madera a Oregon ndi Arizona kulipirira anthu ena lendi mpaka miyezi 6 ndi ndalama za Medicaid. Ku California, pulogalamu ya CalAIM, yomwe ili pansi pa Medicaid, imalipira dipoziti komanso munthu wokuthandiza kusaka nyumba ndi kukambirana ndi landilodi.

Ena akuti ndalama za mankhwala zisapite ku lendi. Koma taganizani za wodwala shuga wogona pansi pa mlatho. Mankhwala ake a insulin amafuna furiji, iye aipeza kuti? Bala la kuphazi anamwino alitsuka bwinobwino, mawa lake lili m'matope. Posakhalitsa ambulansi yamubweretsanso, ndipo wolipira bilu ndi Medicaid yomweyo. Ine ndili mbali ya lendi basi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti miyezi 6 sichedwa kutha, pomwe nyumba zotchipa m'mizinda ngati Portland ku Oregon kapena Los Angeles ku California n'zosowa kwambiri. Komanso mu 2025 boma la Trump linachotsa malangizo amene ankalimbikitsa mapulogalamu otere, ndipo tsopano dera lililonse lopempha chilolezo aziliunika palokha.