Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Chifuwa cha Atate

Chaka chimene ndinabwerera ku Chipata kuchokera ku Lusaka, ndinapeza njinga ya atate itapachikidwa pakhonde, matayala ataphwa. Njinga imeneyi ndiyo inatilera, ikunyamula matumba a mtedza kupita kumsika wa Kapata. Amene anaiimitsa ndife ana awo, poti munthu wamkulu azipuma. Tsiku lonse ankangokhala pampando, wailesi ili pambali.

Ali ndi zaka za m'ma 50, chifuwa chinkawathina pachitunda choyamba. Ankatsika n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili pachifuwa, kenako n'kukweranso. Zitunda zotsatira ankazidutsa bwinobwino. "Mtima wadzuka tsopano," ankatero, ife n'kumaseka.

Atagwa m'bafa tsiku lina m'mawa, ndinawafotokozera adokotala zimenezi. Iwo sanaseke. Anati mtima ukaperewedwa magazi kwa kanthawi kochepa, umadzikonzekeretsa, moti vuto lalikulu likabwera posachedwa suwonongeka kwambiri. Ndinakawerenga ndekha pambuyo pake. Mu 1986, ofufuza Murry, Jennings ndi Reimer a ku Duke University ku America anatseka mtsempha wa mtima wa agalu kanayi, mphindi 5 ulendo uliwonse, kenako n'kuutseka mphindi 40. Mnofu umene unafa unali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a umene unafa mwa agalu osakonzekeretsedwa.

Tsoka lake, chitetezochi chimakalamba limodzi ndi mwini wake. Timagawo ta m'maselo topanga mphamvu timafooka, ndipo zizindikiro zochenjeza mtima sizimvekanso bwino. Ofufuza a ku Naples, ku Italy, anapeza kuti kupweteka kwa pachifuwa kobwera mtsempha wa mtima usanatsekeke kumachepetsako ngozi mwa anthu a zaka zapakati, koma mwa okalamba ayi, kupatula amene amagwiritsabe ntchito thupi lawo. Pamenepa m'pamene ndinaiyang'ana kawiri njinga ija.

"Koma musamve molakwa," anatero adokotala. "Kuthina kuja kunali matenda kale. Akanabwera nthawi imeneyo."

Atatuluka m'chipatala, atate analamulidwa kumwa mankhwala ndi kumayenda pang'onopang'ono m'mawa uliwonse. Amayi anakana kwamtuwagalu: "Mwamuna wanga mukufuna kumupha?" Mkangano umenewo unafika mpaka kwa amalume ku Katete, ndipo ndi umene ndidzakusimbireni m'gawo lotsatira.