Sabata yoyeza fumbi ndi mpweya pafupi ndi mgodi wa uranium

Lolemba ndinazungulira makina athu anayi okoka mpweya amene ali m'malire a mgodi. Amakoka usana ndi usiku kudzera pa kapepala koyera kosefera, ndipo ine ndimachotsa kapepalako n'kukatumiza ku labotale. Atatu analibe vuto. Koma ka mbali imene kuli midzi, komwenso mphepo ikulowera miyezi ino, kanali katatuwa ngati phulusa. Ndinakagwira ndi kapanira n'kukayang'ana padzuwa, mumtima ndikudziwa kuti zimene zakakamira apazi ndi zomwe ana akumeneko apuma sabata yonse.

Chifukwa chake ndinachipeza Lachiwiri. Galimoto yothira madzi mumsewu wa malole inali itafa, ndiye malole ankangotibula fumbi. Ndinalemba lipoti, pofika madzulo ina inayamba kuthira.

Tsiku limene silikuchoka m'mutu mwanga ndi Lachitatu. Kunabwera zotsatira za tizikopo takuda tomwe timasiya m'nyumba za anthu kwa miyezi itatu kuti tiyeze mpweya wa radon. Fumbi limaoneka, munthu amatsokomola n'kudandaula. Radon alibe mtundu, alibe fungo. Amachokera ku radium imene imapezeka m'miyala ya uranium, amatuluka m'nthaka mwakachetechete, ndipo panja amamwazika ndi mphepo. M'nyumba yotsekeka ndi momwe amaunjikana. Iye mwini sakhalitsa, theka lake limatha m'masiku 3.8, koma akamasweka amasiya tizidutswa tomwe timamata m'mapapo n'kumatulutsa mommo cheza choopsa chosaoneka ndi maso (radiation). Bungwe la WHO limati radon ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, makamaka kwa osuta fodya, ndipo mu 2009 linalangiza kuti m'nyumba asamapitirire ma becquerel 100 (muyeso wa kuchuluka kwa cheza chotulutsidwa) pa kiyubiki mita ya mpweya, zikavuta ndithu asapose 300.

Nyumba imodzi inapitirira malire onse awiri.

Ndinapita komweko ndi makina oyezera cheza. Pabwalo ankangolira mwa apo ndi apo, monga amachitira paliponse, pakuti cheza chachilengedwe chili ponseponse. Nditalowa kuchipinda n'kuwatsitsa pansi, kulira kuja kunachuluka. Mayi wa panyumbapo, wachikulire ndithu, anaima pakhomo atagwira chibwano.

"Mwanangu, kanthu kakoko kakuti chiyani?"

"Amayi, pansi pano munathirapo chiyani musanaike simenti?"

Anati malemu amuna awo anatuta miyala pa mulu wa zotayidwa kumgodi, chifukwa inali yophwanyaphwanya kale ndiponso yaulere. Palibe anawauza kuti ili ndi vuto. Sindingawanene bambowo ngakhale pang'ono. Ku Grand Junction, m'chigawo cha Colorado ku America, anthu anamangira nyumba zambirimbiri mchenga wotsala pogaya miyala ya uranium m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mpaka mu 1972 boma linakhazikitsa ntchito yofukula pansi pa nyumbazo. Anthu amaganiza kuti uranium akachotsedwa, chotsalacho ndi dothi wamba. Ayi ndithu. Cheza chochuluka, pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse, chimatsalira mu zogayidwazo, ndipo theka la radium limatenga zaka 1,600 kuti lithe.

Lachinayi tinasemphana mawu ndi mkulu wina pa kalembedwe ka lipoti. Iye ankafuna kuti tiphatikize zotsatira za nyumba zonse n'kupereka nambala imodzi yapakati, yomwe inali yooneka bwino. Ndinakana. Palibe munthu amene amagona m'nambala yapakati, mayi aja amagona m'chipinda chawo. Malire a padziko lonse akuti cheza chowonjezera chochokera ku ntchito ngati yathuyi chisapose millisievert imodzi (muyeso wa cheza chimene thupi lalandira) pachaka kwa munthu wamba, pomwe wogwira ntchito amaloledwa 20, anaikidwa poganizira munthu amene ali pachiopsezo kwambiri. Tinakangana mpaka nthawi yoweruka, koma nyumbayo inalembedwa payokha.

Lachisanu m'mawa ndinatunga madzi m'zitsime zitatu. Uranium wa m'madzi amavulaza impso, ndipo malire a WHO ndi mamaikologalamu 30 pa lita. Mabotolo ndinawatumiza tsiku lomwelo.

Masana ndinabwerera kwa mayi aja. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kanthu komanso osawaopseza: kuti ngozi ya radon imakula ndi zaka zimene munthu wampuma, kuti azitsegula mawindo, kuti zidzukulu zisamuke m'chipindacho kufikira miyala ija itafukulidwa. Anandifunsa ngati chifuwa chomwe chinatenga amuna awo chinachokera pamenepo. Ndinawauza kuti makina anga sangayankhe funso limenelo, ndipo ndinawapempha kuti nawonso akaonane ndi dokotala. Anakhala chete kanthawi, kenaka anadzuka n'kukatsegula zenera la kuchipinda lomwe linali lokhomedwa ndi misomali. Ndinawathandiza kuzula misomaliyo, n'kupachika kachikopo katsopano pakhoma.