Waya wapsa, fyuzi ili bwinobwino

Sabata ino, pa ntchito yanga yokonza magetsi a galimoto, ndaimaliza fungo la pulasitiki wopsa lisanachoke m'mphuno. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: mabulashi a sitata, ma earth (mawaya olumikiza ku chitsulo cha galimoto) adzimbiri, ndi kalole ka mavoti 6 kamene nyali zake zimawala ngati kandulo. Wina anakamangira waya woonda wa galimoto ya mavoti 12, osaganiza kuti pa mavoti 6 babu ya mawati omwewo imakoka maampu owirikiza kawiri.

Chandiwawa n'cha Lachitatu. Kunabwera Land Rover ya 1965, ya fyuzi ziwiri zagalasi zija, mwini wake akufuna ma spotlight (nyali zowonjezera) awiri a mawati 100. Awiriwo paokha amadya maampu pafupifupi 17. Ndinapempha waya wa 4 mm², relay (switchi yoyendetsedwa ndi magetsi) ndi fyuzi yakeyake pafupi ndi batire. Abwana a pagalaja pathu akuti, "Amisiri, m'sitolo mulibe, gwiritsani ntchito zimene zilipo." Ndinakana. Nditangotuluka kukaona lole yofera pamsewu, anauza mnyamata wophunzira ntchito kuti angolumikiza pa waya wa 2 mm² wodyetsa mawaipa ndi hita, waya woti malire ake ndi maampu 17.5.

Fyuzi inapsa, monga inayenera. Mnyamatayo anawerenga maampu 35 pa kapepala ka m'kati mwa galasi la fyuziyo, n'kupachika fyuzi yamakono ya 35. Apa mpamene panagona nkhani. Pa fyuzi zakale ngati zimenezi, za kampani ya Lucas, 35 ndi pamene imapsera. Imene imanyamula osaleka ndi 17 basi. Yamakono ya 35 imanyamula 35 yonseyo tsiku lathunthu, ilibe nazo ntchito kuti waya kumbuyoku akuwira.

Ndinabwerako utsi uli tolo kuseri kwa dashibodi. Ndinazula theminolo ya batire ndi manja, chala mpaka lero chili ndi thuza. Nditasenda tepi ndinapeza waya wobiriwira uja wasungunuka, wamatana ndi anzake anayi, kopa ali mbee. Fyuzi yokha ili phee, yatsopano ngati ya m'paketi.

Mnyamatayo sindinamukalipire, amanjenjemera kale. Ndinangomuonetsa kuti fyuzi timasankha poyang'ana waya, osati nyali. Amene anapereka lamulo sanatuluke mu ofesi.

Lachinayi ndi Lachisanu ndathera kuluka mawaya atsopano. Waya wa 4 mm² uja, amene m'sitolo munalibe, unapezeka Lachinayi m'mawa ndisanavale n'komwe ovolosi.