Chingwe cha USB cholumikiza controller ku laputopu: zimene ndimayang'ana ndisanagule

Pa ukwati wina umene ndinaitanidwa kukaika nyimbo mu Lilongwe, nthawi ya perekaniperekani itafika pachimake, akuchimuna atadzaza bwalo ndalama zili m'manja, nyimbo inangoti zii. Timagetsi ta pa controller, chipangizo chimene DJ amasakanizira nyimbo za mu laputopu, tinaphethira kamodzi n'kuzima, ndipo pulogalamu ya pa laputopu inandiuza kuti chipangizo chachotsedwa. Anthu ena anayang'ana kudenga poganiza kuti magetsi athima, koma mababu onse a mu holo anali akuyaka, ndipo pasanapite nthawi maso onse anatembenukira pathebulo langa. Ndinazula chingwe, n'kuchibwezeramo, n'kudikira kuti laputopu izindikirenso controller, ndipo ngakhale kuti zonsezi sizinathe mphindi imodzi, mzere wa ovina unali utabalalika kale ndipo wotsogolera mwambo anavutika kuwasonkhanitsanso. Chinayambitsa zonsezi chinali chingwe cha mamita atatu, chopyapyala ngati udzu, chimene ndinagula mothamanga m'mawa wa tsiku lomwelo nditazindikira kuti changa cha nthawi zonse ndachiiwala kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona chingwe ngati kanthu kongotola paliponse. M'kati mwa chingwe cha USB 2.0 muli mawaya anayi okha: awiri, amene nthawi zambiri amakhala oyera ndi obiriwira ndipo amapotedwa pamodzi, amanyamula uthenga, pamene ofiira ndi akuda amanyamula magetsi a mavolti 5. Pa mawaya awiri a uthengawo m'pamene pamadutsa zonse zimene DJ amachita, chifukwa mukakankha fader, kabatani kotsetsereka kokwezera ndi kutsitsira mawu, kapena kugwira mbale yozungulira ya pa controller, controller imatumiza uthenga ku pulogalamu monga rekordbox, Serato DJ, Traktor kapena VirtualDJ, ndipo pulogalamuyo imabweza mawu a nyimbo kudzera m'chingwe chomwecho kuti atulukire kumasipika ndi kumahedifoni. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti mawu satumizidwa mofanana ndi fayilo. Mukamakopera fayilo pa flash, kachidutswa kamene kalakwika panjira kamatumizidwanso mpaka kafike bwino, koma mawu a nyimbo amayenda mogwirizana ndi nthawi ndipo chimene chatayika sichibwerezedwa. N'chifukwa chake chingwe chimene chimagwira ntchito bwinobwino pa printa mu ofesi chingathe kutulutsa timaphokoso tothetheka kapena kudula nyimbo pamene muli pakati pa anthu.

Ambiri akamafunsa za chingwe amayamba ndi liwiro, koma m'ntchito yathuyi liwiro si nkhani. USB 2.0, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, imatha kunyamula ma megabit 480 pa sekondi, pamene nyimbo ya mulingo wa CD imangofuna pafupifupi 1.4 pa sekondi. Ngakhale controller itulutse njira zinayi za mawu nthawi imodzi, ziwiri za kumasipika ndi ziwiri za kumahedifoni, pa 24 bit ndi 48 kHz, zonse pamodzi sizifika ma megabit 5. Chotero ma controller ambiri, monga DDJ-400 ya Pioneer DJ kapena Traktor Kontrol S2, ali ndi poti, kutanthauza bowo lolowetsamo chingwe, ya mtundu wa USB-B, yooneka ngati kabokosi, yofanana ndendende ndi ya printa. Chingwe cha USB 3.0 cha mutu wa B, chimene chimakhala ndi kanundu pamwamba ndipo m'kati mwake mumakhala mwa buluu, sichilowa n'komwe m'poti yoteroyo, choncho wochigula poganiza kuti wapeza chabwino koposa amangotaya ndalama.

Pamene pagona nkhani yaikulu ndi pa mawaya a magetsi aja. Ma controller aang'ono ambiri alibe adaputa yakeyake, amadya magetsi ochokera m'laputopu kudzera m'chingwe chomwechi, ndipo poti ya USB 2.0 inapangidwa kuti izipereka 500 mA (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya) basi, pamene ya USB 3.0 imapereka 900 mA. Magetsi ochepawa akamadutsa m'waya wopyapyala ndi wautali, ena amathera panjira. Pa zingwe zopangidwa mosamala pamalembedwa manambala ang'onoang'ono m'mbali mwake, monga 28AWG/1P ndi 24AWG/2C, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti waya ndi wonenepa. Yoyamba imanena za mawaya a uthenga, yachiwiri za mawaya a magetsi. Waya wa mkuwa wa 28 AWG amakaniza magetsi pafupifupi 0.21 ohm pa mita iliyonse, pamene wa 24 AWG amakaniza pafupifupi 0.08. M'chingwe cha mamita atatu magetsi amayenda mamita sikisi, kupita ndi kubwerera, choncho controller ikamakoka 500 mA, chingwe chopyapyala chimadya mavolti opitirira 0.6, ndipo mwa mavolti 5 aja amafika ndi osakwana 4.4. Chingwe cha 24 AWG chotalika mofanana chimangodya pafupifupi 0.25. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma kumaonekera pamene timagetsi tonse ta pa controller tayaka ndipo mahedifoni mwawakweza kwambiri chifukwa cha phokoso la mu holo, ndipo imeneyi ndi nthawi yeniyeni imene nyimbo siyenera kuduka. Ndikukhulupirira kuti chingwe changa cha tsiku la ukwati lija chinali ndi vuto limeneli, chifukwa nditachidula pambuyo pake kuti ndione m'kati, ndinapeza timawaya tochepa ngati tsitsi, topanda chokutira cha chitsulo chilichonse.

Ndikakhala m'sitolo, ndimatembenuza chingwe m'manja kufunafuna manambala amenewa, ndipo chikakhala chosalembedwa kanthu ndimachisiya, ngakhale wogulitsa atachitamanda chotani. Kunenepa kwa kunja sikundinyenga, poti pulasitiki ndi yotsika mtengo kuposa mkuwa ndipo zingwe zina zimangonenepa khungu.

Za utali, malamulo a USB 2.0 amalola mamita asanu pa chingwe chimodzi, koma ine sindipitirira mamita awiri, ndipo chimene ndimagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi cha mita imodzi ndi theka. Laputopu imakhala pambali pa controller kapena pa sitandi pamwamba pake, ndiye utali wotsala umangolendewera pansi pa thebulo pomwe phazi la munthu wodzapempha nyimbo lingaukole. Zingwe zowonjezera utali ndimazikana kotheratu, chifukwa malo alionse olumikizira ndi malo ena pomwe chingwe chingamasuke.

Mutu wa chingwe ndimauyesa mofatsa kwambiri, ndipo ndikatha kutero ndimapita ndi controller yanga komwe ndikukagula. Mutu wabwino umalowa mothina pang'ono ndipo ukaugwedeza ndi chala sumaseweraseweramo. Pamene masipika a bass akugunda ndipo anthu akuvina pafupi, thebulo lonse limanjenjemera kwa maola ambiri, ndipo mutu wokhwepa umataya kulumikizana kwa kamphindi kochepa kwambiri, kokwanira kuti laputopu iganize kuti controller yachotsedwa. Mapoti nawonso amatha: a mtundu wa A, aakulu aja a pa laputopu, ndi a mtundu wa B anapangidwa kuti azipirira kulowetsa ndi kuzula pafupifupi ka 1,500, pamene USB-C, poti yaing'ono ya pa zipangizo zatsopano, imapirira ka 10,000. Poti ya pa controller ikawonongeka, kukonzetsa kwake ndi kodula kuposa zingwe khumi, choncho ndimakonda mutu wopindika ngati chigongono, umene sutuluka kwambiri kumbuyo ndipo suthyola poti wina akakankhira controller kukhoma. Ndikamaika nyimbo panja m'nyengo ya fumbi, monga pa chinkhoswe cha mu Okutobala, ndimamata chingwe pathebulo ndi tepi pafupi ndi mutu uliwonse, ndipo ndikafika kunyumba ndimapemerera mapoti onse kuti fumbi lisaumbike m'kati.

Malaputopu atsopano abweretsa vuto lina. Kuyambira mu 2016, ma MacBook Pro alibe poti ya USB-A, ndipo malaputopu ena opyapyala atsatira njira yomweyo. Ambiri amagula kaadaputa kosintha USB-C kukhala USB-A n'kulumikizapo chingwe chakale, koma kulemera kwa zinthu ziwirizi kumakokera pansi poti yaing'onoyo usiku wonse. Kuli bwino kugula chingwe chimodzi chokhala ndi USB-C mbali ina ndi USB-B mbali inayo. Kwa amene ali ndi controller ya USB-C, monga DDJ-FLX4 imene inatuluka mu 2022, chenjezo ndi lakuti zingwe zina zobwera ndi tochi, timasipika kapena power bank n'zotchajira basi, zilibe mawaya a uthenga. Controller imayaka bwinobwino ngati kuti zonse zili m'malo, koma pulogalamu siiona, ndipo ndaonapo mnzanga akuchotsa ndi kuikanso ma driver kwa ola lathunthu pomwe vuto linali chingwe cha chaja. Ngati mapoti ndi ochepa ndipo pakufunika hub, kabokosi kochulukitsa mapoti, ikhale yokhala ndi adaputa yakeyake ya magetsi, ndipo ngakhale zitatero, controller ndimailumikiza molunjika ku laputopu, hub n'kuisiyira hard drive ndi mbewa.

Pali mlandu wina umene chingwe chimanamiziridwa, ndiwo kung'ung'uza kapena kulira kopyapyala kumene kumamveka m'masipika nyimbo ikaima. Chingwe chokutidwa bwino ndi chitsulo m'kati, chokhala ndi kachotupa ka ferrite pafupi ndi mutu, chimachepetsa phokoso lochokera ku zinthu monga magetsi a disco ndi machaja, ndipo ndimachisankha ndikachipeza. Komabe nthawi zambiri phokosolo limabwera chifukwa laputopu ndi amplifier zalumikizidwa ku masoketi osiyana, kapena chifukwa cha chaja ya laputopu, makamaka pamene tikugwiritsa ntchito jenereta. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja, laputopu iyendere batire, ndipo phokoso likatha dziwani kuti chingwe cha USB chilibe mlandu. Mankhwala ake ndi kulumikiza zipangizo zonse pa extension imodzi kapena kuika DI box, kabokosi kothandiza kuchotsa phokoso lotere, pakati pa controller ndi mikisa. Ena amathyola dzino la earth pa pulagi kuti phokoso lithe, ndipo zimenezi ndimazitsutsa ndi mtima wonse, chifukwa dzino limenelo ndi limene limateteza munthu wogwira maikolofoni chipangizo chikawonongeka.

Zingwe zopangidwira ma DJ zilipo, monga Chroma Cables za DJ TechTools ndi d+ za kampani ya ku Japan ya Oyaide, ndipo amene angazikwanitse sangalakwitse kugula. Chimene amalipira ndi kulimba, mutu wothina, ndi mitundu yowala imene imathandiza kuzindikira chingwe chako mumdima pamene ma DJ atatu akusinthana pathebulo limodzi. Sindikhulupirira kuti chingwe chodula chimakometsa mawu a nyimbo, chifukwa uthenga wa manambala ukafika wathunthu umakhala womwewo, kaya wadutsa m'mutu wopakidwa golide kapena ayi. Chingwe cha printa cha mita imodzi ndi theka, cholembedwa 24AWG ndipo chogwira poti molimba, chanditumikira kwa nthawi yaitali popanda kudandaula.

Chingwe chatsopano sindipita nacho ku ntchito ndisanachiyese kunyumba. Ndimaika nyimbo kwa maola awiri, mahedifoni atakwezedwa, ndipo nthawi ndi nthawi ndimagwedeza mutu uliwonse ndi kupinda chingwe pang'ono pamene chimalowera m'mutu, poti m'pamene mawaya amayambira kuduka. Pa laputopu ya Windows ndimazimitsanso USB selective suspend pa zokonzera za magetsi, chifukwa kompyuta ikafuna kusunga batire imatha kugoneka poti, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za chingwe chowonongeka. Ndikamaliza ntchito ndimachipinda mozungulira momasuka, osachikulunga pa dzanja kapena pa chaja. M'chikwama cha controller mumakhala zingwe ziwiri zoyesedwa kale, china m'thumba la laputopu, ndipo pa mikisa pamakhala foni yolumikizidwa kale pa njira yakeyake, nyimbo itaimitsidwa pachiyambi, kuti chingwe chikandikhumudwitsa ndingokweza fader imodzi ovina asanaime.